Chikhomo Chachitatu

Tsiku loyamba limene Tayamika Kachingwe anapatsidwa ntchito yoti aitsogolere yekha kunja kunachita nkhungu. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo anali atagwira chaka ndi theka pa kampani ina yoyeza malo ya mu Leicester, nthawi yonseyo akungonyamulira anzake zipangizo. Lachiwiri limenelo bwana wake, mayi wotchedwa Shenaz, anamuponyera makiyi a vani n'kumuuza kuti munda wa kumadzulo kwa Coalville ndi wake.

Mundawo unali famu yakale imene anthu ena anagula kuti amangepo nyumba zosungiramo katundu. Masabata atatu m'mbuyomo gulu lina la pakampanipo linali litayeza malo onsewo n'kukhoma zikhomo zamatabwa m'malire. Ntchito ya Tayamika inali yaing'ono: kuona ngati zikhomo zitatu za m'malire akumadzulo zidakali m'malo mwake, chifukwa 11 koloko kunkabwera katapila kudzakumba maenje oyesera dothi motsatira zikhomozo.

Womugwirira ndodo yoyezera anali a Grey Matewere a ku Corby, bambo a zaka 58. Kumudzi iwowa anali woyeza malo weniweni, ndipo anatha zaka zambiri m'tchire la ku Mchinji akukhoma mabikoni a m'malire. Atafika kuno mapepala awo a sukulu sanalandiridwe, choncho ananyamula makatoni m'maweyahausi osungiramo katundu mpaka bondo lamanzere linawonongeka, kenako anapeza ntchito iyi yogwira ndodo. Tayamika anabwera ku England ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kupatula mayi ake ku Wigston, a Grey ndiwo okha amene ankacheza nawo m'Chichewa. Ankawatchula ankolo ngakhale panalibe chibale.

"Lero ndiye tikuyendera malamulo anu, abwana," anatero a Grey akuseka, uku akuvala jekete lawo la lalanje.

"Musandiseke, ankolo. Mtima uli m'mwamba."

Anaimika makina oyezera pa miyendo yake itatu pa konkire yakale ya pafupi ndi geti. Makinawo ankatsata okha kagalasi ka pamwamba pa ndodo ya a Grey, ndipo nambala inkaoneka pa tabuleti ya m'manja mwa Tayamika. Nambalayo inkanena kusiyana kwa pamene ndodo yaima lero ndi muyeso wa masabata atatu apitawo. Ikakhala ziro ndiye kuti nthaka ili momwe inalili. Anayamba ndi msomali wamkuwa wokhomedwa pa kamlatho ka pageti, umene miyeso yonse inkachokerapo. Unali bwinobwino.

A Grey ananyamuka ndi ndodo yawo, kawailesi ka ova-ova kali pachifuwa. Udzu unali wautali wofika m'mawondo, wonyowa. Patapita mphindi zochepa Tayamika ankangoona kadontho ka lalanje kakuyenda mu nkhungu.

"Chikhomo choyamba," inalankhula ova-ova.

Tayamika anayang'ana tabuleti. Chikhomocho chinali chitatsika ndi masentimita asanu ndi atatu.

"Ankolo, ndodo ili pa msomali wa chikhomo?"

"Ili pomwepo."

"Chatsika ndi eyiti."

"Mwina ng'ombe inapondapo. Kapena thalakitala. Tione chinacho."

Chachiwiri chinali chitatsika ndi masentimita 19. Tayamika anatembenuza makina n'kuyezanso msomali wa pamlatho uja, poganiza kuti mwina miyendo ya makina ndiyo yasuntha. Sinasunthe. Anawabwezeranso pa galasi la a Grey, ndipo nambala inabwera yomweyo.

Kenako a Grey analankhula ndi mawu otsika.

"Taya, paja sabata yonseyi mvula yakhala ikugwa?"

"Eya, mpaka dzulo."

"Pano panali chithaphwi chachikulu. Matope ake ndi awa, mapazi a abakha akuoneka. Koma madzi palibe ndi dontho lomwe. Apita kuti? Ndiponso mizati ya mpanda wawayawu yaweramira mbali imodzi yonse. Dera lino kale kunali migodi ya malasha, si choncho?"

"Mapu a migodi tinawacheka ku ofesi. Pamunda uno palibe kanthu."

"Mapu amanena zimene munthu analemba. Ine ndikuti tibwerere, muwafonere a Shenaz."

Tayamika anaimba. Foni inalira mpaka kuduka. Anakumbukira kuti Shenaz anali mu mitingi mpaka masana. Nthawi inali itangodutsa hafu pasiti teni. Anaganiza za katapila uja ali panjira, woyendetsa wake walipidwa tsiku lonse, ndiye iye n'kumubweza chifukwa cha zikhomo ziwiri zimene mwina ng'ombe inaponda. M'maganizo anaona nkhope za anzake a ku ofesi akumva nkhaniyo. Tsiku loyamba lomwelo.

"Chimodzi chokha, ankolo," anatero. "Chachitatucho basi, kuti ndikhale ndi chowauza chomveka."



"Chabwino, abwana," anatero a Grey, koma ulendo uno munalibe nthabwala.

Chikhomo chachitatu chinali cha kukona, mamita pafupifupi zana kuchokera pamakina. A Grey anayenda m'mbali mwa waya pang'onopang'ono, akutsimphina. Atafika anaimika ndodo.

Masentimita 41.

Tayamika anatsegula pakamwa kuti awauze, koma nambala inasintha iye akuyang'ana. 42. Anaphethira. 43.

"Ankolo, mukusuntha ndodo?"

"Ayi."

"Sikumira m'matope?"

"Ili pa msomali, Taya."

"Nambala ikuyenda. Pamene mwaimapo pakutsika."

"Ndikudziwa," anayankha a Grey monong'ona. "Ndikumva madzi pansi pangapa. Akuthira ngati wina waiwala kutseka mpopi."

Tayamika anawaona akuzula ndodo n'kuyamba kuyenda. Sanabwerere m'mbali mwa waya m'mene anadzera, chifukwa mizati ya kumeneko inali itayamba kulira, waya akukokeka. Analunjika kumene kunali vani, njira yachidule yodutsa pakati pa udzu. Nsonga ya ndodo inkagunda pansi paliponse pamene apondapo, ndipo tabuleti inkawerenga. 48. 55. 63.

"Imani! Ankolo, imani pomwepo!"

Kadontho ka lalanje kanaima.

"Mukulowera pakati penipeni. Kumene mukupitako ndiye kwatsika kwambiri. Udzuwo ukukubisirani."

"Nanga ndilowere kuti? Ine sindikuona kanthu, paliponse pakufanana."

Aka kanali koyamba Tayamika kumva mantha m'mawu a bambo amenewa. Anadziwa kuti maso a a Grey tsopano ndi tabuleti imene inali m'manja mwake.

"Mvetserani. Musataye ndodoyo. Tembenukirani kumanja kwanu, muyende masitepe atatu, muiike pansi."

Anatero. 66.

"Ayi, bwererani. Pitani kumanzere. Atatu."

61. Kenako 57.

"Eya, komweko. Kutsogolo kwanu kuli chiyani?"

"Mpanda wa zitsamba zaminga, wakumwera. Pali mtengo waukulu pakati pake."

"Uli patali bwanji?"

"Masitepe makumi atatu. Mwina kupitirira."

"Lunjikani pamtengopo. Musathamange. Masitepe atatu, ndodo pansi, ine ndizikuwerengerani."

Anayamba kuwerenga mokweza. Fifite-thuu. Fote-seveni. Anayesetsa kuumitsa mawu ake ngati akuwerenga miyeso ya tsiku lililonse. Mu ova-ova ankamva kupuma kwa a Grey ndi phokoso la nsapato zawo zikuzuka m'matope. Fote. Sate-sikisi. Pamalo ena nambala inakweranso kufika 39, ndipo anawauza kuti apatukire kumanzere pang'ono. Inatsikanso.

"Bondo likukana," anatero a Grey.

"Lidzakane mukafika pamtengo, ankolo. Chonde. Sate-wani."

Ali pa 24, makina analira kuti tiii. Pa tabuleti panabwera uthenga woti galasi lasowa. Nkhungu inali itakhuthala mbali imeneyo, ndipo kadontho ka lalanje sikankaonekanso.

"Taya? Nambala?"

Tayamika anadina batani loti makina afufuze galasi. Mutu wa makina unazungulira uku ndi uko osapeza kanthu.

"Nambala ili bwino," ananama. "Mtengo mukuuona?"

"Ndikuuona."

"Ndodoyo itayeni tsopano. Yendani msanga m'mene mungathere."

Phokoso lake silinali lalikulu. Linamveka ngati lole ikukhuthula mchenga kutali, koma Tayamika analimva m'mapazi, pa konkire pamene anaima. Waya anaduka n'kulira mu mpweya. Akhwangwala anauluka m'mitengo. Kenako kunangoti zii.

"Ankolo? Ankolo Grey!"

Ova-ova inkangoti shwaa.

Thupi lake linafuna kuthamangira m'munda molunjika, ndipo anaponya masitepe awiri mu udzu asanadzigwire. Anatulukira pageti n'kulowa m'kamsewu ka matope kamene kanazungulira mundawo kunja kwa mpanda waminga. Anathamanga chipewa chake cholimba chikugwa m'mbuyo. Anaterereka pakona, n'kudzuka, n'kupitiriza, maso ali pa mtengo waukulu uja umene unkatuluka pang'onopang'ono mu nkhungu.

Atafika anagwada n'kusuzumira kunsi kwa mpanda. A Grey anali tsidya linalo atagona chafufumimba, manja onse awiri atakumbatira tsinde la chitsamba chaminga. Kuyambira m'chiuno kupita kumiyendo anali lende pamphepete pa dzenje. Dothi linkagumuka pang'onopang'ono pansi pa mimba yawo, mizu ya udzu ikuduka umodziumodzi.

"Usabwere mbali ino," anatero. Nkhope yawo inali yotuwa.

"Sindibwera. Musasiye tsindelo."

Kunsi kwa mpandawo kunali kampata kamene nkhandwe zinkadutsapo. Tayamika anagona pansi n'kulowetsa mutu ndi mapewa. Minga inamung'amba tsaya ndi khutu. Anatambasula dzanja koma linaperewera pang'ono. Anadzikankhanso mpaka zala zake zinagwira kolala ya jekete la lalanje, kenako dzanja linalo linagwira lamba wa ova-ova wa paphewa.

"Ndikati tiyeni, mudzikoke ndi manja. Ine ndikoka kuno."

"Ndine wolemera, mwana iwe. Tigwera limodzi."

"Miyendo yanga ndaikola ku muzu. Tiyeni!"

Anakoka. A Grey anabuula, nasuntha pang'ono chabe. Chidutswa cha dothi chachikulu ngati thumba la simenti chinachoka pansi pa ntchafu zawo, ndipo panatenga nthawi chisanamveke chikugwera m'madzi.

"Tiyeninso!"

Ulendo wachitatu bondo lawo labwino linapeza pogwira. Anakwawa, Tayamika akubwerera chammbuyo osasiya kolala, mpaka onse awiri anatulukira m'kamsewu, minga ili thoo m'zovala. Nsapato imodzi ya a Grey inali itapita. Anagona chagada m'matope akupumira m'mwamba, manja ali magazi okhaokha.

Mwadzidzidzi Tayamika anamva injini. Inkachokera kumadzulo, kumene kunali geti lina laling'ono la mundawo, ndipo limodzi ndi injiniyo kunkamveka kulira kwa matcheni a katapila. Malangizo a woyendetsa Tayamika anawalemba yekha m'mawa womwewo: alowere geti lakumadzulo, ayambire pa chikhomo chachitatu.

A Grey nawo anamva. Anadzutsa mutu.

"Thamanga," anatero.

Anathamanganso, mpweya ukumuwotcha pachifuwa. Kamsewuko kanakhota, ndipo anaona geti lili lotsegula kale, katapila wachikasu atalowetsa theka la thupi lake m'munda, nyali yapamwamba ikuzungulira. Anakuwa koma injini inameza mawu ake. Anadumphira pa mzati wa geti, n'kudutsa m'mbali mwa matcheni, n'kukaima kutsogolo kwa chikhasu chake manja ali m'mwamba.

Katapila anaima mogwedezeka. Chitseko chinatseguka ndipo munatuluka mutu wa mzungu wina wonenepa wa ndevu zofiira, dzina lake Dave, amene Tayamika anakumanapo naye kamodzi.

"Wapenga kodi?" anakalipa m'Chingerezi. "Ndikanakuponda! Chipewa chako chili kuti?"

"Bwererani m'mbuyo. Nthaka yagumuka. Kutsogoloku kuli dzenje."

"Dzenje lanji? Pepala langa likuti..."

"Pepalalo ndinalemba ndine. Bwererani pompano, pang'onopang'ono, mpaka mumsewu."

Dave anamuyang'ana magazi a patsaya, kenako anayang'ana kupyola pamutu pake. Kamphepo kanali katayamba kukankha nkhungu. Patsogolo pawo, mamita osakwana makumi atatu, udzu unkathera m'malere. Mizati iwiri ya mpanda inali lende pa waya pamwamba pa dzenje lakuda lotakata ngati mabasi awiri oimikidwa pamodzi. M'kati mwake, chapansi, munkaoneka njerwa zakale zozungulira ngati za chitsime. Dave anatseka chitseko n'kubweza katapila wake.

Zotsatira zake zinayenda mwachangu. Tayamika anaimbira a ambulansi, kenako ku ofesi, n'kuuza mlembi kuti akamutulutse Shenaz mu mitingi. Dave anavula jekete lake n'kuwafunditsa a Grey, nawapatsa tiyi wa m'fulasiki yake. Pofika masana kamsewu konse kanali katatsekedwa ndi malamba ofiira, ndipo anthu oona za migodi yakale anali akuyendayenda patali ndi dzenjelo. Mmodzi wa iwo anauza Tayamika kuti unali mgodi wakale kwambiri umene sunalembedwe paliponse, unangotsekedwa ndi matabwa n'kukwiriridwa, ndipo mvula inamaliza kuoletsa matabwawo.

Shenaz atafika anamugwira mapewa n'kumuuza kuti wachita bwino kwambiri. Tayamika anapukusa mutu.

"A Grey anandiuza kuti tibwerere titafika pa chikhomo chachiwiri. Ine ndinawatuma pa chachitatu."

Shenaz anachotsa manja ake.

"Zimenezo ukazilembe mu ripoti momwe wanenera," anatero. "Tidzakambirana mawa."

Kuchipatala anapeza kuti fupa la a Grey silinathyoke, koma mitsempha ya bondo inali itakokeka kwambiri. Anawasoka m'manja, anawapatsa ndodo zoyendera, n'kuwatulutsa cha m'ma 4 koloko. Tayamika anawatenga pa vani kupita nawo ku Corby. Njira yonse a Grey anatsamira pawindo maso ali otseka. Atadutsa Market Harborough anayankhula osatsegula maso.

"Pamene unati nambala ili bwino paja, makina anali atanditaya, eti?"

"Eya."

"Ndinadziwa. Unasiya kuwerenga."

"Pepani, ankolo. Pa zonse."

"Ukanandiuza zoona pamenepo ndikanaima, ndipo bwenzi pano tikunena zina." Anatsegula maso. "Koma zinazo, za chikhomo chachitatu, sindikuuza kuti palibe kanthu. Kanthu kalipo. Inenso ndinalakwa kuvomera, munthu wamkulu ngati ine."

Akazi awo, a Maureen, anali atadikira pakhomo atavala yunifolomu ya ku nyumba yosamalira okalamba, chifukwa anathawa shifiti atamva uthenga. Anathandiza amuna awo kukwera masitepe awiri a pakhomo, anawakhazika pa sofa, n'kuwaikira pilo pansi pa mwendo. Tayamika anaima pafupi ndi chitseko, matope akuuma pa buluku lake.

"Iwowa akuti inali ngozi chabe," anatero a Maureen osamuyang'ana. "Koma ine amuna angawa ndimawadziwa. Saponda pamalo asanapayang'ane kawiri. Chinachitika n'chiyani?"

"Maureen, mwanayu ndi amene wandikoka m'dzenjemo," anatero a Grey.

"Ndafunsa iyeyu."

Tayamika anafotokoza zonse kuyambira pa chikhomo choyamba, osadumpha za chithaphwi chouma ndi mawu amene a Grey ananena. A Maureen anamvetsera manja ali m'chiuno.

"Ndiye anakuuza kuti mubwerere."

"Anandiuza, anti."

"Iwe n'kuwatuma."

"Eya."

A Maureen analowa kukhitchini, ndipo kunamveka madzi akuthira m'beseni. Anabwera ndi beseni la madzi ofunda, thonje ndi kabotolo ka mankhwala.

"Khala apa," anatero akuloza mpando. "Munga wina udakali m'khutumo. Mayi ako asakuone choncho."

Anamuchotsa mungawo mosanyengerera, ndipo Tayamika analuma mano osalira. Sanamuuze kuti amukhululukira, ndipo potuluka anangomuuza kuti ayendetse bwino.

Ripoti analilemba m'mawa mwake, masamba anayi. Kampani inamubweza pa ntchito yonyamula zipangizo kwa miyezi itatu, ndipo sanadandaule. A Grey anakhala pakhomo masabata asanu ndi awiri. Bondolo silinalolenso zoyenda m'matope, choncho Shenaz anawapatsa desiki mu ofesi kuti aziunika miyeso imene magulu abweretsa isanapite kwa makasitomala. Dzenje lija analithira miyala malole ambirimbiri n'kuliphimba ndi konkire, ndipo eni malowo anasuntha nyumba zawo kupita chakum'mawa. Tayamika anabwererako mwezi wa Malichi ndi gulu lina kukakhoma zikhomo za malire atsopano.